Mzere Wakuda pa Nkhope ya Apongozi

Mpaka lero azakhali a amuna anga akandiona ndagwira foni amakuwa ali patali kuti, "Mkamwana, lero ukupha ndani?" Anthu amaseka, inenso ndimaseka nditayang'ana pansi. Tsiku limene zinachitika sindinaseke. Koma poti nkhaniyi inafika kale mpaka ku Songwe, ndipo aliyense akuifotokoza mothirako mchere wake, ndati ndiilembe ndekha mmene inayendera.

Ndinakwatiwa ku Iponga, kuno ku Karonga, m'banja limene limasungabe mwambo wakale wa mkamwana. Mkamwana ndi mkazi wa mwana wako wamwamuna, ndiye ineyo. Mwambowo umati mkamwana sayang'ana nkhope ya apongozi ake aamuna. Dzina lawo sutchula (n'chifukwa chake simuliona m'nkhani ino), m'chipinda chimodzi simukhala, ndipo mukakumana pa njira iwe umapatukira m'nthochi n'kudziphimba ndi chitenje mpaka adutse. Mabanja ambiri anazisiya zimenezi. Koma apongozi anga ndi munthu wa chingwe ndi levulo. Mgodi wa Kayelekera utangotsegulidwa ankamanga nyumba kumeneko, ndipo mpaka pano amafuna chilichonse pakhomo pano chikhale pamzere, kuyambira khola la ng'ombe mpaka akamwana.

Ine mwambowu sunkandivuta. Ndine wamanyazi chibadwire. Ngakhale ku sukulu, zaka zochepa zimene ndinapitako, aphunzitsi ankandidziwira pamwamba pa mutu. Ndiye kuuzidwa kuti pali munthu mmodzi amene sindiyenera kumuyang'ana kunali ngati kundichepetsera ntchito. Apongozi anga ndinkawadziwira nsapato zawo zamatayala, belu la njinga yawo, ndi kachifuwa kamene amatsokomola dala akamayandikira pakhomo kuti ine ndithawe bwino. Nkhope yawo sindinkaidziwa. Mwana wanga Lusekelo atabadwa, aliyense wodzamuona ankati, "Mwe! Agogo ake enieni!" Ine ndinkangovomera kuti, "Eya, ndithu," ngati ndinawaonapo.

Musaganize kuti ndi mwambo wamasewera. Mkazi wa alamu anga aakulu, amene anakulira m'tauni, tsiku lina anawapatsa moni wa padzanja apongoziwo akuwayang'ana m'maso. Anabwezedwa kwao kukalangizidwa, ndipo anabwerera ndi amalume ake atanyamula nkhuku yopepesera. Mudzi wonse unkaloza. Mayi anga anaimva nkhaniyo, ndipo tsiku londiperekeza anandikokera pambali n'kundiuza kuti, "Kuno uzibwera kudzationetsa mwana. Kubwera kudzalangizidwa, ayi." Chinthu chimene ndinkachiopa kwambiri m'banja langa chinali chimenecho, kukwera njinga yamoto ndi kachikwama kupita kwathu anthu akuona.

Mavuto anayamba ndi ubatizo wa Lusekelo. Mlamu wanga Tupokiwe, mlongo wa amuna anga, ndiye ankajambula zithunzi, ndipo madzulo ananditumizira zonse. Pa zithunzi zonsezo mwanayo ankalira, kapena anali atatsinzina, kapena akutafuna kolala ya diresi. Panali chimodzi chokha chimene anatuluka bwino, maso ali gwa, akuseka ndi mano ake awiri, kadiresi koyera kali mbee. Ndipo pa chithunzi chimenecho anali m'manja mwa agogo ake aamuna.

Mwaona vutolo? Chithunzi chabwino cha mwana wanga ndinalibe ufulu wochiyang'ana. Kaya mwambo umafika mpaka m'foni, palibe amene anandiuzapo, ndipo ndikanafunsa ndani? Ndinangoganiza kuti nkhope ndi nkhope. Ndiye ndinkatsegula chithunzicho nditaphimba chakumtunda ndi dzanja, n'kumasuzumira mwanayo m'munsi ngati ndikuba. Koma foni siifuna kugwiridwa pagalasi. Ukangoikhudza chithunzi chimathawa, kapena chimatembenuka. Tsiku lina chinakula mwadzidzidzi mpaka chipewa cha apongozi chinadzaza galasi lonse, ine n'kuiponya foniyo pamphasa ngati yotentha.

Tupokiwe ndi telala, ali ndi makina ake pakhonde la sitolo ina pamsika. Ndikapita kukagula sopo ndimakhala pa benchi pake pang'ono. Tsiku limenelo ndinamupeza akujambula siketi ya kasitomala, kenako n'kulemba mzere wofiira pa chithunzicho cha m'maondo.

"Ukutani, mlamu?" ndinafunsa.

"Ndikumufunsa mwini wake ngati ndidule apa. Azimayiwa amati 'ifike m'maondo', ukadula akuti wawavula. Pano ndimatumiza mzere, iye avomere yekha."

"Koma wawongoka bwanji! Wagwiritsa rula?"

Anaseka mpaka Lusekelo anadzidzimuka kumsana. Anatenga foni yanga n'kundionetsa kuti pulogalamu yokonzera zithunzi inalimo kale, ine osadziwa. Anandiphunzitsa mothamanga, ulusi uli kukamwa, ndipo sanandifunse chimene ndikufuna kuchita nayo. Inenso sindinanene.

Kunyumba ndinayamba kuyesa. Poyamba ndinkasankha kacholembera, ndipo mizere yanga inkatuluka ngati njira ya nkhono pakhoma. Kenako ndinakumbukira kuti Tupokiwe anati kacholembera ndi ka ana, pali kachizindikiro kena pambali pake kooneka ngati kamtengo ka machesi. Ukasankha kameneko umaika chala pamene ukufuna mzere uyambire, n'kukoka, n'kusiya. Ngakhale dzanja linjenjemere chotani, mzere umatuluka uli njo. Kumapeto kwake konse kuwiri kumakhala timadontho toyera. Ukagwira kadontho kamodzi n'kukoka, mzere umatalika kapena kufupika, kapena umazungulira ngati muvi wa wotchi. Ukaugwira pakati umanyamuka wonse n'kupita kumene ukufuna. Pansi pali kokokera kochepetsa kapena kunenepetsa mzerewo, ndi timabokosi ta mitundu. Ndipo ukalakwitsa pali kamuvi kokhota kamene kamabweza zonse ngati sunachite kanthu. (Kamuvi kameneko ndinakakonda kwambiri. Ndinakakhulupirira mopitirira muyezo, muona.)

Ndinene zoona, ndinasangalala. Ku sukulu rula yanga inkaterereka nthawi zonse, mizere ya m'kope inkakwera phiri. Pano ndinali kulemba mizere yoti ngakhale apongozi sakanaipezera chifukwa. Ndinajambula chitseko n'kuchigawa pakati. Ndinajambula tambala n'kumuika m'khola la mizere. Ndinajambula mkoko wa nthochi n'kulemba pamene pathera phava lililonse. Phala la mwana linapserera tsiku limenelo.

Dzanja litazolowera, ndinatsegula chithunzi cha ubatizo chija.

Tsono taganizani ntchito yake, kuphimba nkhope imene sukuloledwa kuiona. Ndinatsinzina diso limodzi, linalo ndinalisiya pang'ono pokha kuti zinthu zizioneka ngati m'chifunga. Ndinkayeza ndi chipewa kumtunda ndi tayi kumunsi, n'kunena mumtima kuti maso ayenera kukhala cha apa. Ndinakoka mzere wopingasa kuchokera kumanzere kupita kumanja. Unali wowonda ngati ulusi, ndipo m'chifunga changa chija ndinaona kuti kuseri kwake kukadali tinthu tiwiri tonyezimira. Ndinaunenepetsa. Ndinaunenepetsanso mpaka unafanana ndi lamba.

Kenako nkhani ya mtundu. Wofiira unkaoneka ngati magazi, ndinachita mantha. Woyera unkaoneka ngati bandeji. Wachikasu unali wachibwana kwa munthu wamkulu. Ndinasankha wakuda, chifukwa unkagwirizana ndi suti yawo, ndipo ndinaona kuti wakuda ndi waulemu.

Koma nditauyang'anitsitsa mzere wakuda wopingasa m'masowo, ndinaona vuto lina. Umu ndi mmene amawaphimbira anthu ogwidwa ndi katundu wozembetsa pa zithunzi zimene anthu amatumizirana! Apongozi anga, mkulu wa mpingo, ine n'kuwasandutsa wakuba? Ndinagwira kadontho ka kumanja kuti ndiukonze. Nthawi yomweyo Lusekelo, amene ankayamwa, anandimenya chigongono ndi phazi, kadontho kaja n'kutsetsereka mpaka paphewa. Mzere unapendekeka, kuchokera pamphepete pa chipewa, kudutsa pankhope ponse, kukathera paphewa.

Ndikanatha kudina kamuvi kokhota. Chala chinafika pomwepo. Koma ndinaona kuti mzere wopendekekawo ukuphimba bwino kuposa woyamba uja, maso, mphuno ndi pakamwa pomwe, komanso unkaoneka ngati nsalu imene akuluakulu amavala mopingasa pachifuwa pa zikondwerero. Ndinati basi, ulemu wake ndi umenewu. Foni inafunsa ngati ndisunge, ine ndinavomera.

Kwa nthawi yoyamba ndinamuyang'ana mwana wanga pa chithunzicho ndi maso onse awiri, mosathamanga. Ndinaona kuti kansapato kamodzi kanali katavuka, ndipo kadzanja kake kanagwira tayi ya agogo ake. Masiku otsatira, ndikamaliza ntchito, ndinkatsegula pulogalamu ija n'kumangomuyang'ana. M'mutu mwanga ndinkaganiza kuti mzerewo umakhala m'pulogalamu momwemo, ngati choko pa bolodi, ndipo chithunzi chenicheni chili kwina bwinobwino.

Amuna anga amagwira ntchito ku Songwe, amathamanga ndi mapepala a magalimoto a katundu pa chipata cha m'malire, ndipo amabwera kumapeto kwa sabata. M'mawa wina anaimba ali pa phokoso la malole.

"Mayi a Luse, azakhali akundivutitsa, akufuna chithunzi cha ubatizo. Chija ali ndi adada. Taponya pa gulu la banja, onse aone."

"Ine ndiponye pa gulu?"

"Ungoponya basi, sukufunika kulankhula. Ndathamanga."

Pa gulu la banja la pa foni ndinali ndisanalembepo kanthu chilowereni. Muli aphunzitsi, muli anamwino, muli ena a ku Mzuzu ndi ku Mbeya, ndiye ine ndimangowerenga. Ndinatsegula gululo, ndinapita pa zithunzi, ndipo poti ndinkadziwa kuti ndikutenga chithunzi chenicheni chopanda mzere, ndinachita mwa chizolowezi changa: dzanja kuphimba kumtunda, diso pa kadiresi koyera. Ndinadina, chinapita. Ndinaona kuti kutumiza chithunzi chopanda mawu n'kusowa khalidwe, koma mawu oti ndilembe pamaso pa aphunzitsi sanabwere. Ndiye ndinangoika kachizindikiro kaja ka manja awiri opemphera, kuti ndikuthokoza Mulungu chifukwa cha ubatizo. Ndinaika katatu, kuti aone kuti ndikuthokoza kwambiri.

Batire inali itafiira. Ndinazimitsa foni, ndinakaisiya pa golosale pamene timatchajitsa, n'kubwerera kukachapa matewera ndili ndi mtendere wonse.

Zimene zinkachitika pa gulu nthawi imeneyo ndinazimva pambuyo pake. Azakhali, mlongo wawo wa apongozi, amene amakhala cha ku Songwe komweko, anaona mlongo wawo ali mu suti, mzere wakuda wopendekeka pankhope, manja opemphera atatu, ngati chidziwitso cha maliro, kuchokera kwa mkamwana amene salankhula. Sanafunse. Anatumiza meseji ya mawu akulira. Amene sanamvetse chithunzicho anamvetsa kulirako. Anthu anayamba kuimba foni. Kafoni ka mabatani ka apongozi kankalira pawindo m'nyumba yotseka, eni ake ali ku dambo ndi ng'ombe kulima munda wa mpunga. Apongozi aakazi anali ku msonkhano wa amayi ku tchalitchi, foni atazimitsa. Yanga inali pa golosale. Tupokiwe, munthu yekhayo amene akanangoona n'kudziwa dzanja langa, analibe bandulo tsiku limenelo.

Dzuwa litapendeka pang'ono ndinali kuyanika matewera, ndipo ndinamva njinga yamoto ikuima kumsewu. Kenako kulira. Azakhali analowa pabwalo chitenje chili m'chiuno, manja ali kumutu, kumbuyo kwawo wa njinga atanyamula thumba la mpunga ndi nkhuku ziwiri zomanga miyendo.

"Mlongo wanga ine! Mlongo wanga wandisiya! Mwe Kyala, Mulungu wanga, mlongo wanga!"

Azakhaliwo ali ndi mlongo mmodzi yekha wa bere limodzi. Ndinaganiza kuti apongozi agwa ku dambo, mwina ng'ombe yawaponda, ndipo uthenga wafika ku Songwe usanafike pakhomo, poti mafoni amatero masiku ano. Munthu wina akanafunsa kuti, "Azakhali, mwamva kwa ndani?" Ine kufunsa munthu wamkulu akulira sindingathe. Ndinakhala pansi pambali pawo n'kuyamba kulira nawo.

Ndipo ndinalira zenizeni. Ndinakumbukira kachifuwa kawo kaja, ndi mmene ankasiyira mango okupsa pakhonde langa osanena kanthu. Ndinalira kuti munthu wapita ndisanamuone nkhope. Azakhali anandikumbatira n'kunena kuti, "Wachita bwino kutidziwitsa msanga, mwana wanga." Mawu amenewo ndinawamva, koma sanalowe. Ndinangoti ndi zolankhula za pamaliro.

Anthu oyandikana nafe anamva. Azimayi anayamba kufika, aliyense akuyambira kulira pa mtengo wa mango wa pakhomo. Wina anabwera ndi mtolo wa nkhuni. Azibambo awiri anayamba kutulutsa mabenchi. Wina anafunsa kuti thupi lili kuti, wina anayankha kuti likubwera, ndipo yankholo linakwanira aliyense. Apongozi aakazi anafika akuthamanga ndi yunifolomu ya tchalitchi, azimayi anzawo atawagwira m'mikono. Amuna anga anatsika pa njinga yamoto maso ali psuu, mapepala a lole ya munthu akadali m'manja.

Pakati pa phokoso lonselo, ine ndinamva kachifuwa.

Palibe wina anakamva. Koma khutu langa linaphunzitsidwa kumva kachifuwa kameneko ngakhale mvula ikugwa pa malata. Kanachokera kuseri kwa khola, pamodzi ndi phokoso la tcheni cha pulawo. Thupi langa linachita zimene limachita masiku onse: ndinadzuka, ndinadziphimba chitenje kumutu, ndi Lusekelo kumsana, n'kuthawira kuseri kwa khitchini. Ndinamva mayi wina akuti, "Mugwireni mkamwanayo, chisoni chamupengetsa!" Ine ndimayesa kunena kuti ali moyo, akubwera, koma ndinene kuti ndani? Dzina sindingatchule, kuloza sindingaloze. Ndinangoti, "Akutsokomola! Akutsokomola!"

Zotsatirazo ndinazimva ndi makutu, ndili kuseri. Ng'ombe zinalowa m'khola. Nsapato zamatayala zinayenda pang'onopang'ono mpaka pabwalo. Kenako mawu awo, otsika, aulemu, a munthu amene wavula chipewa:

"Pepani nonse. Watisiya ndani?"

Kenako azakhali anakuwa mawu amene sindinawamvepo pakamwa pa munthu, benchi inagwa, nkhuku zija zinalira, ndipo ena mwa azimayi anathawa mpaka kumsewu. Apongozi aakazi okha ndi amene anapita kukawagwira mkono, n'kunena kuti, "Matope awa ndi a lero. Ndi iwowo."

Sipanatenge nthawi kuti afike pa ine. Amuna anga anatulutsa foni n'kuonetsa chithunzi. Ndinamva dzina la mwana wanga likutchulidwa, "mayi a Luse, mayi a Luse," ndipo mawu aja a azakhali akuti ndachita bwino kuwadziwitsa analowa tsopano, onse pamodzi. Ndinakhala pansi, paphulusa. M'maso mwanga ndinkaona kale njinga yamoto, kachikwama, ndi nkhope ya mayi anga.

Anthu akunja atabalalika (ena monyinyirika, nkhuni zawo anazisiya), banja linakhala pansi pa mango. Ine anandiika m'khitchini, nditagwada, nditafulatira chitseko. Tupokiwe anali atafika, ndipo ankayesetsa kuti asaseke mpaka ankamveka ngati akutsamwa. Apongozi aamuna salankhula nane mwachindunji, ndiye mlandu unkadutsa mwa apongozi aakazi amene anaima pakhomo la khitchini, ngakhale kuti tonse tinkamvana bwinobwino.

"Mayi, mufunseni mkamwana wanu. Ndinamulakwira chiyani kuti andiphe?"

"Akuti anakulakwira chiyani kuti uwaphe."

Mawu anga anatuluka ang'ono ngati a mwanapiye. "Sanandilakwire. Ndimafuna kuona mwana."

"Akuti amafuna kuona mwana."

"Mwana ali kumsana kwake. Amuone."

Apa ndinadziwa kuti ndikapanda kulankhula ndikwera njinga ija. Ndiye ndinafotokoza zonse, nditayang'ana khoma: za chithunzi chimodzi chokha chabwino, za dzanja lophimba, za tsiku limene chipewa chinakula, za mzere wopingasa umene unawasandutsa wozembetsa katundu, za phazi la Lusekelo. Chikwatiwireni ndinali ndisanalankhulepo mawu ambiri chotero. Apongozi aakazi anayamba kubwereza, koma pakati anatopa n'kungoti, "Mwamva nokha."

Kenako apongozi anati, "Gwakisa, kanditengere rula yanga yachitsulo." (Gwakisa ndiye amuna anga.) Rula ya chiyani? Tupokiwe anandiuza pambuyo pake kuti anaika foni pa bondo, anavala magalasi, n'kugoneka rulayo pagalasi m'mbali mwa mzere uja. Anayang'ana mbali iyi, anayang'ana mbali inayo.

"Mayi, mufunseni. Akuti anajambula osayang'ana?"

"Ndi diso limodzi, theka," ndinayankha ndisanafunsidwe.

"Hmm. Wowongoka. Anyamata amene ndinkamanga nawo ku Kayelekera, maso onse awiri ali otsegula, chingwe chili pomwepo, khoma linkapita kwao."

Azakhali sanakondwe. "Achimwene, mukuyamikira? Ine ndalira kuchokera ku Songwe mpaka kuno, mawu atha! Mwana ameneyu apite kwao akamulangize!"

Mawu amene ndinkawaopa aja anatuluka. Ndinagwira mwendo wa Lusekelo. Koma nthawi yomweyo Tupokiwe, amene anali atagula bandulo tsopano ndipo ankamvetsera mameseji a pa gulu mmodzimmodzi, anati, "Adada, imvani iyi." Inali meseji ya mawu ya bambo aang'ono a amuna anga, msuweni wa apongozi amene amakhala mudzi wachiwiri kuchokera pano, woti akanatha kufika wapansi. Sanabwere. Mawu awo anamveka pabwalo ponse:

"Pepani nonse, zachisoni ndithu. Koma ndimati ndifunse msanga anthu asanachuluke, ng'ombe zolimira zija zikhala kwa ndani? Poti munda wanga sunalimidwe."

Apongozi anati aibwereze. Tupokiwe anaibwereza. Kenako ndinamva chinthu chimene ndinali ndisanachimvepo pakhomo pano: apongozi anga akuseka, kuseka kogwira m'mimba, mpaka kachifuwa kaja kanabwera kenikeni.

"Mlongo wanga," anatero atapuma, "iwe wabwera ndi mpunga ndi nkhuku. Mkamwana walira mpaka kugwa m'phulusa, ndamumva ndili ku khola. Uyu akufunsa ng'ombe. Anthu amafa osadziwa zimenezi, ine ndazidziwa ndili moyo. Ndiye wopita kukalangizidwa ndani apa?"

Azakhali anang'ung'udza kuti nkhuku zawo sizibwerera ku Songwe, ziphedwe basi. Ndinadziwa kuti njinga ija yandiphonya.

Koma mlandu unali usanathe. "Mayi, muuzeni achotse chinthuchi pankhope panga." Foni yanga inali itatengedwa ku golosale, ndipo anandipatsira m'khitchini. Ndinatsegula pulogalamu, ndinafuna kamuvi kanga kokhota. Kanali kotuwa. Ndinadina, ndinadinanso, osayenda. Ndinagwira mzere pakati kuti ndiunyamule, timadontho toyera tija osaoneka. Tupokiwe anasuzumira n'kunena kuti, "Mlamu, ukasunga ndiye kuti wasoka. Kamuviko kamagwira usanasunge." Mwayi wake iye anali nacho chithunzi choyamba m'foni mwake, ndipo ananditumiziranso pomwepo, n'kuponyanso pa gulu ndi mawu akuluakulu akuti adada ali moyo ndipo akudya nkhuku.

Chigamulo chomaliza chinabwera anthu akusamba m'manja. "Mayi, muuzeni mkamwana kuti wa m'foniyo si ine, ndi chithunzi. Ameneyo azimuyang'ana mmene akufunira, asamulembenso mizere. Koma pa njira zikhale mmene zinalili."

"Akuti wa m'foniyo..."

"Ndamva, amayi. Ndaga, zikomo."

Sindinayang'ane tsiku lomwelo. Chilolezo chinalipo, koma dzanja linkapita lokha kukaphimba. Linali tsiku lina masana, pakhomo palibe munthu, apongozi ndikuwamva ali kutali ku khola akukhoma msomali, pamene ndinakhala pakhonde n'kuchotsa zala chimodzichimodzi. Ndinapeza bambo wachikulire wa nkhope yofatsa, akumwetulira mwana amene wawakoka tayi. Ndipo pansi pa chipewa, uku ndi uku, panali makutu. Makutu aakulu, oima ngati zogwirira za poto. Ndinatembenuka kuyang'ana Lusekelo amene ankakwawa pamphasa, dzuwa likuwala kudutsa m'makutu ake, ndipo ndinaseka ndekha mpaka misozi. Miyezi yonse ija ndinkadabwa kuti mwanayu makutu anawatenga kuti, poti kwathu kulibe otere, ndipo ndinkachita manyazi kufunsa.

Mizere sindinasiye. Pano Tupokiwe akachulukidwa amanditumizira zithunzi za masiketi kuti ndimulembere, ndipo mwezi watha apongozi anatuma apongozi aakazi kudzandiuza kuti ndijambule khola n'kulemba pamene padutse mpanda watsopano. Anaikanso rula pagalasi asanavomere. Ndinaphunzira kuyang'ana chithunzi chonse ndisanatumize, ndi maso onse awiri, ndipo manja opemphera aja sindiwagwiritsanso ntchito ngakhale pa Khirisimasi.

Pa njira zili mmene zinalili. Ndikamva belu la njinga ndimapatukira m'nthochi, chitenje kumutu. Kungoti masiku ano ndikakhala m'katimo ndimadziwa makutu amene akudutsa, ndipo ndimaluma chitenje kuti asandimve.